Usiye Mpata pa Tenti, Tiyamike

Tiyamike mwana wanga,

Watuluka kukatsanzika anzako a ku yunivesite, ndipo ine ndakhala pano patebulo ndi pepala, dzuwa likadali pamutu. Mphepo ya Disembala ija yayamba kale, ikumenya malata a galaja ya aneba ngati ili nawo mlandu. Chikwama chako chili pakhomo, chachikulu kuposa mwini wake. Mawa sitima ikutenga kupita kumwera, ku dziko la ayisi kumene kulibe mtengo, kulibe mbuzi, kulibe ngakhale khomo loti munthu n'kukapalako moto. Ndikulemba chifukwa ndikayamba kuyankhula iwe umaseka, umandigwira paphewa n'kuti, "Mama, mwayambanso," ndiye ine mawu amandithawa. Pepala sungaligwire paphewa. Uwerenge mpaka kumapeto.

Ndili ndi mantha, ndipo sindikubisa. Si mantha a sitima ayi, kapena a mafunde, zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Ndi chinthu chimodzi basi. Lamulungu lija unkandionetsa zithunzi pafoni, timatenti tachikasu titandanda pa ayisi, ine n'kukufunsa kuti, "Nanga mumaphikira kuti?" Iwe unati, "Mutenti momwemo, Mama. Timayatsa kasitovu kosungunulira ayisi kuti tipeze madzi akumwa." Unayankha mosavuta ngati ukunena za tomato wapamsika. Moto m'kati, zipi yotseka, anthu otopa ali gone. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikutsika bwino, ndipo kuntchito ndapsereza kale kolala ya shati ya abwana.

Usaganize kuti za sukulu yakozi sindizimva. Ndimamva, kungoti ndimamvera kumbali ngati nkhuku. Ukukumbuka tsiku lija unandipeza ku Somerset West nditaweruka, tinatsikira kunyanja n'kukhala pamchenga tikudya tchipisi? Unaloza madzi onse aja n'kuti, "Mama, panali nthawi pamene apa ponse panali pouma, udzu uli wee, nyama zikudya." Ine ndinati, "Iwe, usandinamize ndili mayi ako." Ndiye unandifotokozera. Unati dziko lino lakhala likuzizira ndi kufunda mosinthanasinthana, kalekale anthu asanadziwe khasu. Kuzizira kukabwera kumakhalitsa, ayisi amakwirira maiko akumpoto, madzi ambiri amagwidwa mu ayisimo, nyanja n'kubwerera m'mbuyo mpaka munthu akanatha kuyenda wapansi kukafika ku chilumba cha Robben. Kenako kumafunda, ayisi amasungunuka, nyanja n'kubwera kudzalanda malo ake, nthawi ina mpaka kupitirira pamene ili lero. Unati ife tikukhala m'nyengo yofunda, ndipo zonsezi zimayenda ndi momwe dziko limapendekera pozungulira dzuwa. Unatinso chipale chofewa cha chaka chilichonse chimagona pamwamba pa chinzake ngati zitenje musutikesi, chakale pansi, chatsopano pamwamba, ndipo m'kati mwake muli timathovu ta mpweya wakale. Inu mukaboola n'kutulutsa ayisi wautali ngati musi, mumadziwa kuti apa kunali kozizira, apa kunali kofunda. Waona? Ndinagwira zonse.

Koma pali mawu amodzi amene unanena tsiku lomwelo, iwe unangodutsapo, ine ndinawagwiritsitsa. Unati ngakhale m'kati mwa nyengo yozizirayo munkabwera timanthawi tofunda, mwadzidzidzi, anthu n'kubala ana ndi zidzukulu kukufunda, kenako kuzizira n'kubwereranso pomwe kunasiyira. Iwe unkaona mizere ya pakompyuta yako ikukwera ndi kutsika. Ine ndinkaona mayi wina wa nthawi imeneyo atayanika zikopa zake pamwala, akuuza mwamuna wake kuti, "Zatha ntchito izi, tiwapatse a kutsidya." Mayi ameneyo ndikumudziwa, Tiyamike. Kufunda kwabodza ndinakuona ndi maso angawa, ndipo ndi kumene kunandisandutsa wamasiye.

Nkhaniyi ukuidziwa, koma umaidziwa mwa zidutswa, momwe ana amamvera nkhani za maliro. Lero uimve yonse, chifukwa kumene ukupita ikakugwira ntchito.

Ine ndi abambo ako tinafika kuno ku Kepi, kumwera kwa Joni, kukutentha, iwe uli kumsana, wangoyamba kumene kuthamanga. Tinapeza kankhukhu ku Langa, kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba ya Mam' Nosipho, mayi wachixhosa amene mpaka lero umamutcha agogo. Tinabwera ndi matama a anthu a ku Dedza. Ukudziwa momwe timanyadira, kuti m'Malawi monse odziwa kuzizira ndife, ena onse ndi ana. Cholakwa changa choyamba chinali choseketsa. Disembala atafika, kutentha kuli ng'aa, ndinati mvula ili pafupi, ndinalima kamzere kuseri kwa chimbudzi n'kudzala maungu ndi chimanga chimene ndinachokera nacho kwathu. Ndinadikira mvula, ndinadikira, kumwamba kuli mbee, mphepo ikungondithira mchenga m'maso. Mam' Nosipho anandipeza ndikuyang'ana kumwamba n'kuseka mpaka kugwira mpanda. Anati, "Sisi, kuno mvula imabwera ndi kuzizira, osati ndi dzuwa." Dziko la eni lili ndi kayendedwe kake, ndipo safunsa anadya phula. Iwe ukafika kumeneko, ngakhale uli ndi mapepala ako onse, uzifunsa amene anagonako kale. Uzifunsa ngakhale zooneka zopusa.

Cholakwa chachiwiri sichinali choseketsa. Juni ndi Julayi anatikwapula ndi mvula yozizira imene sitinaionepo, yolowa m'mafupa. Ine ndinali nditapeza ntchito ya m'nyumba ku Somerset West, yogonera konko mkati mwa sabata, ndipo abambo ako ankagwira maganyu a zomangamanga, iwe masana n'kumatsala ndi Mam' Nosipho. Tinagula mabulangete awiri olemera, lina la bulauni lokhala ndi chithunzi cha kambuku, ndipo madamu anandipatsa jekete yaikulu ya amuna awo, abambo ako n'kumavala. Tinapirira. Ndiye mu Ogasiti kunabwera mphepo yotentha yochokera kumapiri, youma ngati ya ku Chikwawa. Anthu anavula majuzi, ana akuthamanga opanda nsapato. Kwathu Ogasiti akafika n'kuyamba kuwomba mphepo yotere, aliyense amadziwa kuti chisanu chatha, anthu ayamba kusosa, tchire likupsa. Ndinabwera Loweruka, abambo ako n'kundilandira pasiteshoni jekete ili paphewa, akumwetulira mano onse panja. Anati, "Naphiri, tapulumuka. Chisanu cha Akepi ndi chomwechi basi?"

Sabata yomweyo kunali munthu wa ku Ntcheu amene ankanyamula katundu wa anthu pangolo yokokedwa ndi galimoto kupita naye kumudzi. Iwe unakulira kuno, mwina sungamvetse kulemera kwa chinthu chimenechi. Munthu ukabwera ku Joni, chaka choyamba chisanathe uyenera kutumiza kanthu kooneka ndi maso, koti anthu akagwire, apo ayi amayamba kunong'onezana kuti watchona. Agogo ako aakazi a kumudzi, amayi a abambo ako, ankadandaula nyamakazi, ndipo mng'ono wa abambo ako anali atapempha jekete kuyambira tisananyamuke. Tinayang'anana, tinati nanga izi tizisungiranji mpaka chaka chamawa? Tinamanga mabulangete onse awiri ndi jekete m'chikwama chachikulu chamizeremizere chija. Mam' Nosipho anatipeza tikumanga. Anati, "Hayi, sisi, masulani. Mphepo yotentha imeneyi ndi imene imatsogolera chisanu chenicheni. Ikangoleka mudzaona." Anayankhula momveka bwino, palibe chimene sitinamve. Tinamuthokoza mwaulemu, manja pamodzi, iye atangotembenuka abambo ako anandinong'oneza kuti, "Anthu a ku Dedza, atiphunzitse kuzizira munthu wa kunyanja?" Ndinaseka. Chikwama chinapita.

Mwana wanga, tsiku lofunda lili pakati pa chisanu ndi mdani. Kumeneko unati masiku ena dzuwa limawala osalowa, mphepo n'kuti zii, anthu n'kumagwira ntchito atavula majekete. Usatalikirane ndi jekete yako ngakhale pang'ono. Ukavula, imange m'chiuno. Ndipo ndikukudziwa iwe, uli ndi dzanja la abambo ako, ukaona mnzako akunjenjemera umavula chako n'kumupatsa. Uli ku pulayimale unabwera kunyumba mvula ikugwa wopanda juzi, n'kundiuza kuti mnzako analibe. Ndinakukalipira ndikulira, iwe osamvetsa kuti juzi lokha likundiliza bwanji. Kumeneko thandiza anzako, inde, sindinalere mwana woumira, koma magolovesi ako omaliza si opatsa munthu.

Mphepo yotentha ija inaleka mkati mwa sabata, ine ndili kuntchito. Kunabwera mitambo yakuda yochokera kunyanja, mvula, matalala, ndipo m'mawa wina nditasuzumira pazenera la kukhitchini ndinaona mapiri a kumtunda kwa Somerset West atayera mbuu. Kanali koyamba kuona chipale chofewa. Ndinaomba m'manja ngati kamwana, n'kuitana madamu kuti adzaone. Ndili mkati moseka ndinakumbukira kuti inu awiri muli ndi kabulangete kamodzi kopyapyala ndi zitenje zanga. Foni tinalibe nthawi imeneyo. Ndinadziuza kuti abambo ako ndi munthu wanzeru, apeza chochita.

Anapezadi chochita. Ndikufuna umvetse bwino apa, chifukwa anthu amati ofa ndi mbaula ndi zidakwa kapena osasamala. Abambo ako sanali choncho. Anali munthu woti akamanga mtolo, womasula amatukwana. Anatenga chitini cha penti, anachiboola bwinobwino, anagula makala. Kenako anazungulira kanyumba konse akutseka mipata ndi manyuzipepala ndi mapulasitiki, akukanikiza ndi nsonga ya mpeni, kuti kamphepo kasamupeze mwana wake. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi thumba la ufa lopanda kanthu. Kwathu tinkagona ndi moto m'nyumba moyo wathu wonse osafa, chifukwa denga laudzu limapuma, ndipo pakati pa khoma ndi denga pamakhala mpata. Malata ndi pulasitiki sizipuma. Palibe anatiuza, ndipo ife sitinafunse. Chimene chinawapha abambo ako ndi luso lawo lotseka bwino.

Loweruka m'mawa ndinatsika sitima nditanyamula bulangete lakale limene madamu anandipatsa. Dzuwa linali litakwera, koma chitseko chathu chinali chokhoma m'kati. Ndinagogoda. Ndinaitana, "Abambo a Tiya!" Zii. Ndinaitananso, ndinamenya malata ndi manja onse awiri mpaka agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa. Mam' Nosipho anatuluka ndi fosholo, sanafunse kanthu, anailowetsa m'mbali mwa chitseko n'kukanula. M'nyumbamo munalibe utsi, munalibe fungo lililonse. Akuluakulu ananena kuti tsoka silinunkha, ine ndinaliona tsiku limenelo. Munali kofunda bwino, mbaula ili ndi phulusa loyera. Abambo ako anali chigonere chammbali, nkhope yosalala ngati munthu amene akulota zabwino, atavala kamalaya kamodzi kokha chifukwa juzi lawo anakuveka iwe. Ndinawagwedeza. Ndinawagwedezanso. Mam' Nosipho ndi amene anandigwira manja.

Iwe sunali pamphasa. Chitseko potseguka chinakugunda mwendo. Unali ndi khalidwe lija limene ndinkakumenyera, logubuduzika usiku wonse ndi kukoka chilichonse chimene dzanja lako lapeza. Unagubuduzika mpaka pakhomo, unasolola thumba la ufa lija n'kulikumbatira ngati chidole, ndipo mphuno yako inali pa kampata ka pansi pa chitseko, pamene mphepo ya chisanu inkalowera. Masaya ako anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje, unali utasanza, maso ali lobodo. Titakutulutsa panja unalira kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mphaka. Anesi kuchipatala anandiuza kuti kamphepo kozizira kameneko ndi kamene kanakusunga. Kampata kake sikanali kokwana ngakhale zala ziwiri.

Amalawi anzathu anatigwira mkono, thupi linapita kwathu pamsewu, ine ndi iwe tili pambuyo pake. Titafika ku Dedza ndinalowa m'nyumba ya siwa, ndipo chinthu choyamba chimene maso anga anaona ndi kambuku uja. Agogo ako aakazi aja anali atafunda mabulangete athu. Katundu anali atangofika kumene, anatsogola pang'ono mwini wake. Mawa lake mng'ono wa abambo ako ananyamula bokosi atavala jekete ija. Sindinamukwiyire, anachita kupatsidwa ndi mkulu wake. Koma mpaka lero ndikaona bulangete la kambuku pamsika ndimawoloka msewu.

Tsono tamvera, Nangozo, mwana wa abambo ake. Sitovu ikayaka mutenti, usiye mpata. Zipi isafike kumapeto. Kabowo kotulukira mpweya kamene unandionetsa pamwamba pa tenti kaja, uzikayang'ana ndi maso ako, uzikagwira ndi dzanja lako, chifukwa chipale chimatha kukatseka kunja inu muli m'kati osadziwa. Musagone sitovu ikuyaka, ngakhale mutatopa chotani, ngakhale wina atati angofunditsako pang'ono. Mutu ukayamba kuwawa, mtima ukayamba kuchita nseru, tulo tokoma tikayamba kukukoka masana, usati ndi kutopa kwa ntchito. Tuluka, ndipo ukokere anzako kunja ngakhale ndi miyendo. Unandiuza kuti muli ndi kachipangizo kamene kamalira mpweya ukaipa. Chabwino, ndathokoza amene anakapanga. Koma foni yanga yomweyi batire imafa kukazizira kuno ku Maitland, nanga kumeneko? Kachipangizo kakhale kachiwiri, koyamba kakhale iwe. Wozizidwa amadzuka m'mawa.

Chimene chikundiopsa kwambiri si kuti sukudziwa zimenezi. Ukuzidziwa kuposa ine, anakuphunzitsani. Chikundiopsa ndi ulemu wako, umene ndinakuphunzitsa ndekha. Ndinakulera kuti pamaso pa akulu uzitsitsa mawu, usamatsutse, uzilandira ndi manja awiri. Mutentimo ukakhala wamng'ono pa onse, pali aprofesa ako a imvi aja, pali azungu amene apitako kambirimbiri. Mphepo ikakawomba, wina wamkulu akakanena kuti, "Tsekani zipiyo, tikuzizidwa," ndikukuona iwe ukutseka, mutu ukukuwawa, uli chete kuopa kuoneka wovuta. Ayi, Tiyamike. Pa nkhani iyi yokha ndikukumasula ku ulemu wonse umene ndinakuphunzitsa.

Ukukumbuka mapemphero aja a kunyumba kwa a Mbewe, konkuno ku Maitland, uli ku sekondale? Unali mwezi wa Julayi, tinadzaza pabalaza anthu ochuluka, mahita a parafini awiri akuyaka, mazenera onse otseka, pansi pa chitseko atayalapo thaulo. A Mbewe anali pakati pa pemphero, afika pamene mawu amanjenjemera, ine ndinadzuka, ndinaponda mapazi a anthu, ndinakatsegula mazenera onse awiri n'kukankha thaulo lija ndi phazi. Mayi wina anatsegula diso limodzi n'kuti, "Anaphiri, tikuzizidwatu." Ine ndinati, "Zizidwani, mayi, wozizidwa amadzuka m'mawa." Pemphero linathera panjira. Iwe unabisa nkhope m'buku la nyimbo. Titafika kwathu unati, "Mama, mumandichititsa manyazi. Anthu akuti ndinu amisala." Eya, anatero, ndipo ena mpaka lero amanditcha Amazenera. Onse amene anali m'chipinda chija ali moyo, akundijeda ali ndi mpweya. Ukakhale wamisala wa mutenti mwanu. Akakudandaula, uwauze kuti ndi matenda a kubanja kwanu, anakupatsira amayi ako.

Ndipo tulo tako. Iii, ndakhala ndikukudandaula moyo wako wonse kuti umagona ngati ukumenyana ndi anthu, mapilo pansi, bulangete kumiyendo. Lero ndikubweza mawu. Unandionetsa thumba logonamo lija, lotsekeka mpaka kumaso ngati chikwa, ndipo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Mmenemo sungagubuduzike. Chimene chinakupulumutsa ku Langa sichikagwira ntchito kumeneko. Ndiye ugone mutu uli chakukhomo, ngakhale anzako akakanganirane malo ofunda a pakati. Asiyire. Iwe tenga malo ozizira a pakhomo, ndi ako kuyambira kale.

Nthawi zina ndimakhala pansi n'kumadzifunsa kuti kodi mwana ameneyu anatani. Ana a anzanga anaphunzira unesi, ena za makompyuta, amagwira ntchito m'maofesi ofunda, madzulo ali pakhomo. Wanga yekha, amene ndinamulanda m'kamwa mwa chisanu, wasankha kuchilondola mpaka kwawo kumene chimachokera. Nditakufunsa unati ukufuna kudziwa kuti nyengo imatembenuka msanga bwanji, chifukwa pano anthu tikulifunditsa dziko ndi utsi wathu, ndipo nyanja ikadzakwera oyamba kunyowa ndi anthu a m'tinyumba ta pamchenga ngati kathu ka ku Langa kaja. Yankho linali labwino, ndipo zinandikwiyitsa kuti linali labwino. Ndimakunyadira, usakayike. Kuntchito ndauza aliyense, mpaka wobweretsa makalata akudziwa kuti mwana wa Naphiri akupita kukaboola ayisi. Koma kunyada sikuchotsa mantha, ziwirizi zikugona pabedi limodzi. Ukapite ukawerenge mpweya wa anthu akalekale uli m'timathovu, koma uziyamba wayang'ana mpweya umene ukupuma iweyo.

Tsono za zenera lathu. Chilowereni m'nyumba muno takhala tikulimbana ine ndi iwe pa zenera la kuchipinda. Ine ndimalitsegula pang'ono n'kupanikiza pegi yoyanikira zovala pa chitsulo chake kuti mphepo isalitseke. Iwe umadikira ndigone, umachotsa pegi, umatseka. Ine ndimadzuka, ndimabwezera. M'mawa umati, "Mama, m'nyumba muno mulibe mbaula, mulibe hita, mukuopa chiyani?" Ndimangodziwa kuti chipinda chikatsekeka ponseponse, ndimamva fosholo ya Mam' Nosipho ikukanula malata. Unandipirira, ngakhale unkang'ung'udza, ndipo chimfine chimene unkadwala chaka ndi chaka mwina ndinkakudwalitsa ndine. Pepa. Koma ndikanati ndibwerere, ndikanatsegulabe.

Pegi imeneyo ndaichotsa pazenera masana ano. Ndi yathabwa ija, yakuda ndi manja athu, imene waya wake unachita dzimbiri. Ndaiika m'thumba lakumanzere la jekete yako yofiira, m'kati mwa golovesi kuti isagwe. Usaitaye poganiza kuti yalowamo mwangozi. Ukafika, tsiku loyamba lomwelo, uipanikize pa njira ya zipi ya tenti, chakumapeto, kuti aliyense wotseka zipi izikaima pamenepo. Akakufunsa anzako kuti ichi n'chiyani, unene chilichonse chimene ukufuna, unene kuti ndi mankhwala a ku Malawi, aseke. Ine sindikakhalako kuti ndidzuke ndikubwezere ukachotsa. Ukakhala wekha, mwana wanga, ndipo dzanja lochotsa ndi lobwezera likakhala lako lomwelo.

Mawa ndapempha tchuthi, ndikuperekeza kudoko. Ndavomera kale kuti sindikalira mokweza pamaso pa aprofesa ako, koma usandikhulupirire kwambiri. Sitima ikamachoka sindikakuuza zambiri. Ndikangogwira thumba langa lakumanzere, iwenso ukagwire lako, ndione.

Zenera lakuchipinda latsala lopanda pegi, ndipo pamene ndikulemba pano layamba kale kumenyeka ndi mphepo, kutseguka, kutsekeka. Mapegi ena alipo ambiri m'kabasiketi, koma sindiikapo ina. Lizimenyeka choncho mpaka udzabwere. Abambo ako anatumiza katundu wawo kwathu, katundu anafika, iwo n'kufika m'bokosi. Iwe usanditumizire kanthu, usapatsire munthu wina aliyense kuti andibweretsere. Pegi yangayo ndikuifuna, ndipo udzabwere nayo wekha, udzaipanikize pazenerapo ndi dzanja lako, kenako udzandidandaule kuti m'nyumba muno mukuzizira.

Mulungu akutsogolere, akubwezere kwa ine ukupuma.

Ndine mayi ako,
Naphiri